PHUNZIRO 17: DISO LIKALASIDWA

Diso la munthu wamkulu liri ngati kampira kakang'ono, ndipo kucokera kutsogolo kufikira kumbuyo kwace ndi mamilimita 24 okha. Limakhala m'kaphanga ka mafupa: pamwamba pali pfupa la nsidze, pansi pali la tsaya, ndi pambali la mphuno. Mafupa amenewa ndiwo acinjiriza diso pamene munthu wamenyedwa ndi mpira kapena cibakera. Koma munga, waya, msomali ndi kacidutswa ka citsulo sizisamala mafupa, pakuti ziri zosongoka ndi zazing'ono. Kutsogolo kwa diso, pamene paoneka ngati galasi, kucindikala kwace ndi theka la milimita cabe. Kuseri kwa galasilo kuli madzi, ndipo m'kati mwenimweni muli zinthu zonenepa ngati coyera ca dzira laliwisi.

Citsotso wamba, monga pfumbi, gaga kapena kacirombo, cimangokhala pamwamba pa diso, ndipo misozi kapena madzi oyera acicotsa. Kulasidwa ndi nkhani yina, cifukwa cinthu cabowola khungu la diso ndi kulowa m'kati. Izi zimagwera anyamata osewera ndi mauta ndi malegeni, abusa othamangitsa mbuzi m'minga, ndi akazi othyola nkhuni zouma. Zimagweranso amuna ophwanya miyala, onola nkhwangwa pa makina, ndi osula amene amenya citsulo ndi nyundo. Ngozi ya amuna amenewa iri yonyenga koposa. Kacitsulo kothetheka pa nyundo kamauluka ndi liwiro lalikulu, kalowa, ndipo kabala kace katsekeka kokha. Munthuyo amva kuwawa pang'ono, napukuta msozi, napitiriza nchito yace, osadziwa kuti citsulo catsala m'diso.

Diso lolasidwa lizindikirika motere. Mwana wa diso, amene masiku onse ali wozungulira, asanduka wosongoka mbali imodzi ngati dontho la madzi. Nthawi zina pabala paoneka kanyama kakuda, kapena mwazi uonekera kuseri kwa galasi lija, ndipo munthu aona cimbuuzi. Koma ngakhale zizindikiro zonsezi palibe, munthu ali yense amene anamva kanthu kamlasa m'diso pomenya citsulo ayenera kupita ku cipatala tsiku lomwelo.

Mwana ali yense wokwera njinga adziwa za munga wolowa m'tayala. Mungawo ukali momwemo, mpweya utuluka pang'ono pang'ono, ndipo wanjinga akhoza kufika kwao; koma akauzula panjira, tayala liphwa nthawi yomweyo. Diso liri cimodzimodzi, pakuti cinthu cimene calibaya ndico citsekanso bala. Kusiyana kwace nkwakuti tayala limamatidwa ndi kupopedwanso, koma zam'kati mwa diso zikatayika palibe sitolo yogulitsa zina. Cifukwa cace wothandiza asazule cinthuco, cingakhale cioneka capafupi ndi cosabvuta kugwira. Asatikite diso, asalifinye, asakanule zikope ndi mphamvu kuti aone bwino, ndiponso asalitsuke ndi madzi.

Apa ndipo pabvuta anthu acifundo. Mwana akalira, amai ndi ambuye ace sangathe kungopenya manja ali lende. Wina afuna kuuziramo mpweya, wina kucotsa ndi lilime kapena nthenga, wina kudonthezamo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena a shuga. Zonsezi zimatengera tizirombo ta matenda m'kati mwa diso, kumene tiswana msanga ndi kubala mafinya. Ngakhale mafuta a maso a ku cipatala, amene anatsala pa matenda ena, sayenera kupakidwa pa diso lobooka. Maso ambiri amene dotolo akadawapulumutsa anafera pakhonde, m'manja mwa abale okonda.

Nchito ya wothandiza ndiyo kumangira diso kanyumba. Atenge kapu ya pepala kapena ya pulasitiki yoyera bwino, kapena adule tako la botolo la pulasitiki, naibvundikire pa diso kotero kuti milomo yace itsamire pa mafupa aja, osakhudza diso kapena cinthu cobayaco. Pamenepo aigwirize ndi pulasitala, kapena aimange ndi nsalu mosathinitsa. Thonje kapena nsalu yopindapinda isaikidwe pa diso penipeni, cifukwa imakanikiza. Popeza maso awiri amayenda pamodzi, wolasidwayo asamayang'ane uku ndi uku. Ngati pali womgwira dzanja, atsinzine ndi diso labwino lomwe.

Pa ulendo akhale tsonga, mutu uli m'mwamba. Asawerame, asanyamule katundu, asamine, ndipo mwana wamng'ono agwiridwe manja mofatsa. Asapatsidwe cakudya kapena cakumwa, ngakhale adandaule njala. Lamulo limeneli lioneka lankhanza, koma dotolo adzafuna kumgonetsa ndi mankhwala kuti asoke diso, ndipo munthu wokhuta akagonetsedwa akhoza kusanza ndi kutsamwa. Ngati citsulo kapena mtengo umene unathetheka ulipo, autenge kuti dotolo adziwe mtundu wa cimene calowa.

Ku cipatala caching'ono ca pafupi amlasa jekeseni woletsa kafumbata, nampatsa mankhwala opha tizirombo, namtumiza kumene kuli madotolo a maso, monga ku Lusaka, ku Kitwe, kapena ku Mwami kufupi ndi Chipata. Madotolowo amafuna kusoka bala asanapite maora 24. Amajambula mutu ndi makina kuti aone pamene kacidutswa kabisala, pakuti ciri conse ciri ndi kuipa kwace. Citsulo cimacita dzimbiri, ndipo dzimbirilo lipha diso mwakacetecete pa miyezi kapena zaka. Mkuwa weniweni utupitsa diso m'masiku owerengeka. Munga ndi kamtengo zimalowa pamodzi ndi dothi ndi nkhungu, ndipo sizioneka bwino pa X-ray.

Pali cinthu cinanso codabwitsa: diso limodzi likalasidwa, linzace lingadwale ngakhale silinakhudzidwe. Izi sizicitika kawiri kawiri, koma zinacitika kwa Louis Braille, amene anabadwira ku Coupvray m'dziko la France m'caka ca 1809. Atate wace anali mmisiri wa zikopa zomangira akavalo. Ali ndi zaka 3, mwanayo anatenga kacitsulo kosongoka m'nyumba ya nchito, nadzilasa nako m'diso limodzi. Diso linalo linayamba kudwala, ndipo pofika zaka 5 sanali kuona konse. Iyeyu ndiye anakonza malembedwe a timadontho 6 towerenga ndi zala, amene ana akhungu amaphunzira ku Magwero ndi m'maiko onse. Masiku ano mankhwala a nthendayi alipo, koma athandiza wofika msanga. Cotero munthu amene anasokedwa diso, akaona kuti linzace lafiira, liopa kuwala kapena liyamba cimbuuzi, abwerere ku cipatala pomwepo, ngakhale papita miyezi kapena zaka.

MAFUNSO

1. Kodi citsotso cisiyana bwanji ndi kulasidwa?
2. Cifukwa ninji milomo ya kapu iyenera kutsamira pa mafupa?
3. Mnyamata walasidwa ndi munga m'mawa, ndipo galimoto idzafika masana. Amai ace amphikira phala. Kodi mlongo wace wa pa sukulu awauze ciani?