MTIMA WA WOCHI

M'kati mwa wochi yopukusa ndi dzanja muli kagudumu kamodzi kosiyana ndi tinzake tonse. Tina tizungulira kunka mbali imodzi, koma iko kapita ndi kubwerera, usana ndi usiku. Angerezi akacha balance wheel. Pakati pake pali kawaya kopyapyala ngati tsitsi, kopindidwa monga cigoba ca nkhono, ndipo ndiko kamene kabweza kagudumu nthawi zonse. Christiaan Huygens wa ku Holland ndiye anapanga wochi ya kawaya kotere m'caka ca 1675.

Mawochi ambiri akale agunda kasanu pa sekondi, ndiko kuti 18,000 pa ola. Ambiri atsopano agunda 28,800. Kagudumu kakaphonya kamodzi kokha pa magundo 1,000, wochi isocera masekondi 86 pa tsiku. Pakutha sabata ndizo mphindi 10, zokwanira kuti wa paulendo apeze sitima itapita.

Mmisiri wanzeru safulumira kumasula kanthu. Ayamba wachera khutu. Wochi yabwino igunda mofanana, koma ikamveka ngati munthu wotsimphina, ndiye kuti kagudumu kapita kutali mbali imodzi koposa inzake, ndipo kawaya kafunika kukasuntha pang'ono pamene kagwirira.

Atatero atenga galasi lokuzira zinthu nayang'ana kawaya. Apa ndipo pagona milandu yambiri. Kadontho ka mafuta kakagwerapo, mizere yake imamatirana, kawaya kakhala ngati kafupika, ndipo wochi ithamanga kwambiri, mwina mphindi zambiri pa ola limodzi. Maginito acita cimodzimodzi. Wochi yosiyidwa pa sipika ya wailesi kapena pa cikwama cotseka ndi maginito ingatenge nthenda imeneyi mwini wake osadziwa. Mmisiri aiyandikiza kwa kampasi. Muvi wa kampasi ukapatuka poitsata, mlandu wadziwika, ndipo makina ocotsa maginito aiciza m'kamphindi. Koma ngati ali mafuta, atsuka kawaya m'mankhwala ouma msanga. Wophunzira wosaleza mtima athamangira kukankha kamuvi kolembedwa + ndi −. Kumeneko nkutaya nthawi cabe, pakuti kamuviko nchito yake nkukonza kusocera kwakung'ono, si kuciza kawaya kodwala ai.

Nanga wochi imene iyenda itagona cagada, koma niima itagona cafufumimba? Kawirikawiri yotere inagwa pansi. Kagudumu kaima pa kamsomali ka nsonga ziwiri zoonda ngati tsitsi, zimene zizungulira m'timiyala tofiira ta rubi. Nsonga imodzi ikathyoka kapena kupindika, ngakhale kamwala kakasweka, kagudumu kapendekeka nikakhuza citsulo coyandikana naco. Nsonga yothyoka silumikizika. Kamsomali konse kacotsedwa, naikapo kena. Cifukwa ca ngozi imeneyi amisiri a ku Switzerland m'caka ca 1934 anapanga kacipangizo kochedwa Incabloc, kamene kalola timiyala kusuntha pang'ono wochi ikagwa, ndi kubwereranso pamalo pake.

Komanso nthawi zina kagudumu kanamiziridwa. Koyenda bwino kazungulira pafupifupi magawo atatu mwa anai a bwalo kunka uku, ndi kunka ukonso. Kakayenda mwaulesi, mwina colakwa ciri kwina: mafuta anauma, fumbi linalowa m'magudumu ena, kapena sipuling'i yaikuru yatopa. Kuti adziwe coona, mmisiri ayamba watsitsa mphamvu ya sipuling'i yaikuru, acotsa kamphanda kamene kakankha kagudumu, nauzira kagudumuko ndi kampira ka mpweya. Sauzira ndi pakamwa, pakuti mpweya wa munthu uli ndi cinyezi, ndipo dzimbiri likagwira kawaya palibenso mankhwala. Kagudumu kakagwedezeka kokha nthawi ndithu, nikaleka pang'onopang'ono, kalibe mlandu. Kakaima mwadzidzidzi, pali cimene cikagwira.

Atabwezera zonse, saipereka wochi tsiku lomwelo. Aisunga masiku angapo, lero cagada, mawa cafufumimba, mkuca coimirira, nalemba m'buku masekondi amene yasocera m'mawa uli wonse.