Phunziro la Sabata Ino: Asisiteri a ku Kikwit ndi Mliri wa Ebola

Pakati pa 25 April ndi 28 May chaka cha 1995, m'masiku 33 okha, chipani cha Asisiteri a Poverelle chinataya asisiteri asanu ndi mmodzi m'dziko la Zaire, lomwe lero limatchedwa Democratic Republic of Congo. Onse anali ochokera ku Italy, onse anali anamwino, ndipo onse anamwalira ndi Ebola. Mayina awo ndi Floralba Rondi, Clarangela Ghilardi, Danielangela Sorti, Dinarosa Belleri, Annelvira Ossoli ndi Vitarosa Zorza. Chipanichi anachiyambitsa ndi Luigi Palazzolo Woyera mu 1869 mumzinda wa Bergamo, ndipo asisiteri ake amatumikiranso kuno ku Malawi, monga ku Kankao m'boma la Balaka.

Moyo wa tsiku ndi tsiku

Mzinda wa Kikwit uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Kinshasa. Asisiteri a Poverelle anafika kumeneko mu 1952, ndipo Sisiteri Floralba anali m'gulu loyambalo. Pofika 1995 anali atatha zaka zoposa 40 akusamalira odwala m'dzikolo.

Inali nthawi ya ulamuliro wa Mobutu Sese Seko, pamene zipatala za boma zinali zitalowa pansi. Pa chipatala chachikulu cha Kikwit madzi a m'mipope ndi magetsi zinali zosadalirika, magolovesi anali osowa, ndipo ogwira ntchito ankatha miyezi osalandira malipiro. Odwala ankaphikiridwa ndi kuchapiridwa ndi abale awo, monga amachitira magadiyani m'zipatala zakuno.

Tsiku la sisiteri linkayamba ndi mapemphero pamodzi ndi anzake, kenako ulendo wa ku wodi: kutsuka zilonda, kubaya jakisoni, kuchapa mabandeji kuti agwirenso ntchito, kudyetsa amene alibe wowayang'anira. Sisiteri Clarangela anali mzamba. Sisiteri Dinarosa ankasamalira odwala chifuwa chachikulu cha TB, ndipo m'mbuyomo anatumikirapo akhate ku Mosango. Palibe amene ankawalemba m'nyuzipepala chifukwa cha ntchito imeneyi. Mliri utafika unawapeza akugwira ntchito yomweyi, ndipo iwo sanaisiye.

Mmene mliri unalowera

Matendawa anayamba mu January 1995 ndi bambo wina wootcha makala, n'kufalikira mwakachetechete pakati pa abale ake. Mu April, munthu wina wogwira ntchito mu labotale anamuchita opaleshoni kawiri pa chipatala cha Kikwit, madokotala akuganiza kuti vuto lake linali la m'matumbo. Patapita masiku ochepa, ambiri mwa amene anamugwira anayamba kudwala. Mmodzi mwa iwo anali Sisiteri Floralba. Iye anamwalira pa 25 April ku Mosango, anthu akuganizabe za tayifodi kapena kamwazi.

Kuchokera pamenepo matendawa ankatsata amene akudwazika mnzake. Sisiteri Clarangela anamwalira pa 6 May. Sisiteri Danielangela, amene anachoka ku mishoni ya Tumikia kukachezera usiku pa bedi la Floralba, anamwalira pa 11 May, ndipo Dinarosa pa 14 May. Sisiteri Annelvira, yemwe anali mkulu wa chipanichi m'chigawocho, ananyamuka ku Kinshasa atamva kuti ana ake akudwala, nakawasamalira ndi manja ake. Anamwalira pa 23 May. Sisiteri Vitarosa nayenso anachokera ku Kinshasa atanyamula mankhwala, ndipo ndiye anali womaliza kumwalira, pa 28 May.

Asisiteriwa sanafe okha. Anthu 315 anadwala, ndipo pafupifupi 250 anamwalira, ambiri mwa iwo mbadwa za m'dzikolo. Pa odwala anayi aliwonse, mmodzi anali wogwira ntchito ya zaumoyo.

Magolovesi atafika

Kumayambiriro kwa May, Dr Jean-Jacques Muyembe, katswiri wa ku Kinshasa, anafika ku Kikwit ndipo anatumiza magazi a odwala kunja kuti akayezedwe. Labotale ya CDC ku Atlanta inatsimikiza kuti inalidi Ebola. Ogwira ntchito a WHO, Médecins Sans Frontières ndi Red Cross anabwera ndi magolovesi, zotchinga pakamwa ndi mphuno, nsapato za jombo ndi mankhwala a kolorini. Odwala anawapatula m'wodi yawoyawo, ndipo maliro anayamba kuikidwa ndi anthu ophunzitsidwa bwino, chifukwa kusambitsa ndi kugwira mtembo kunkafalitsa matendawa kwambiri.

Panalibe katemera, panalibenso mankhwala ochiza Ebola. Komabe chitetezo chimenechi chitangoyamba, kudwala kwa anamwino ndi madokotala kunatsika mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Mu August 1995 mliriwo unalengezedwa kuti watha.

Zimene Mpingo ukuphunzitsa

M'chaka cha 2021, mu February ndi mu March, Papa Francisco anavomereza kuti asisiteri onse asanu ndi mmodzi anakhala moyo wachikhristu mwa ungwazi. Tsopano amatchedwa Olemekezeka, lomwe ndi gawo limodzi pa njira yopita ku kutchedwa Odala ndi Oyera. Izi zinachitika dziko lonse lili pa mliri wa COVID-19, umene mu 2020 unakantha koopsa mzinda wa Bergamo, kumene chipani chawo chinabadwira.

Mpingo suwalemekeza chifukwa choti ankafunafuna imfa. Oyamba kudwala sankadziwa n'komwe kuti akulimbana ndi matenda anji, ndipo zodzitetezera panalibe. Amene anatsala atadziwa dzina la matendawa anali ndi mwayi wodzipatula, koma anakhalabe pafupi ndi odwala. Kulimba mtima kumeneko kunachokera ku zaka zambiri zodzuka m'mawa uliwonse kupita ku wodi.

Nkhani ya Kikwit ikuphunzitsanso kuti kudziteteza ndi mbali ya chikondi. Namwino akadwala, wodi yonse imasowa woisamalira, ndipo iye angathe kupatsira ena osadziwa. Lamulo lachisanu la Mulungu limateteza moyo wa wodwala ndi wa womudwazika yemwe. Msamariya wa pa Luka 10 sanangomvera chisoni munthu wovulala uja: anatsuka zilonda zake ndi mafuta ndi vinyo, anazimanga, anamutengera pamalo oyenera, nalipira. Chifundo chake chinali ndi nzeru.

Akhristu a m'mizinda yakuno anaona matchalitchi akuchepetsa anthu pa Misa nthawi ya COVID-19, anaonanso kolera ya 2022 ndi 2023. Pa nthawi zoterezi mayesero amakhala awiri. Ena amatseka geti, wodwala wa mu Mphakati n'kutsala wopanda womutungira madzi kapena womuitanira wansembe. Ena amanyoza malangizo a zaumoyo ponena kuti wokhulupirira sadwala, n'kumakakamira kusambitsa mtembo pa maliro amene achipatala aletsa. Woyamba wataya mbale wake, wachiwiri waika mudzi wonse pachiswe. Ku Kikwit mliri unatha pamene anthu okana kuthawa odwala analandira zodzitetezera ndi kuzigwiritsa ntchito.

Mafunso okambirana m'Miphakati

1. Kodi Mphakati uno ukudziwa mayina a odwala ndi okalamba onse a m'dera lake, ndipo amawayendera ndani?
2. Kodi a komiti yoyendera odwala ali ndi sopo, ndowa ndi magolovesi? Ngati alibe, ndalama yake ichokera kuti mwezi uno?
3. Achipatala akaletsa mwambo wina pa maliro, Mphakati ungatonthoze bwanji anamfedwa popanda kuphwanya malangizowo?

Pa mapemphero a akhristu Lamulungu lino, parishi ikumbukire anamwino, madokotala, magadiyani ndi amishonale onse amene akudwazika anthu kutali ndi kwawo.