Nkhokwe ya Mlendo, Mwana Wamasiye ndi Mkazi Wamasiye

LACHITATU

Werengani Levitiko 19:9, 10 ndi Deuteronomo 14:28, 29. Kodi Mulungu anakonza njira yotani kuti osauka adye?

Yehova sanasiye chakudya cha osauka kuti chidalire chifundo cha tsiku limodzi. Analamula kuti m'mphepete mwa munda musakololedwe, mphesa zakugwa zisatoledwe, ndipo chaka chachitatu chilichonse chakhumi cha zokolola chisungidwe m'midzi. Tizindikire kuti wosauka anali kudya zomwezo zimene mwini munda anadya: tirigu, mphesa ndi azitona (Deut. 24:19-21).

N'chifukwa chiyani kukhuta kokha sikukwanira? Yerekezani ndi Genesis 1:29.

Ife a ku Mwanza tikudziwa kulandira alendo. Pa nkhondo ya ku Mozambique anthu oposa miliyoni imodzi anathawira m'Malawi, ndipo mu 2016 enanso zikwi zambiri ochokera ku Tete anafika ku Kapise asanawasamutsire ku Luwani. Koma mbiriyi ili ndi chenjezo. Mu 1990 mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, othawa nkhondo oposa 18,000 anadwala pelagra, nthenda yosupula khungu, yotsegula m'mimba ndi yosokoneza mutu, imene imagwira anthu odya chimanga chokhachokha. Nsima inalipo, koma thupi linali kufa ndi njala.

M'maiko ena muli nkhokwe zosonkhanitsa chakudya chotsala m'minda ndi m'masitolo n'kuchigawira osowa chisanawonongeke. Yoyamba anaiyambitsa John van Hengel ku Phoenix mu 1967. Nanga kwathu kuno? Nyengo ya manachesi zipatso zimavunda pansi pa mitengo ndi m'mphepete mwa msewu wa ku Zobue, pamene ana a m'mudzi woyandikana nawo akudyera nsima mchere.

Werengani Machitidwe 6:1-4. Kodi mpingo woyamba unathetsa bwanji dandaulo la akazi amasiye onyalanyazidwa?

Atumwi sanangolimbikitsa anthu kukhala opatsa. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino kuti ayang'anire ntchitoyo. Ndiwo zamasamba sizichedwa kufota, choncho zimafuna dongosolo: wodziwa nyumba zosowa, wotolera, ndi wokapereka tsiku lomwelo. Zotsala amayi a Dorika angathe kuzifutsa kuti mfutso uthandize m'miyezi ya njala. Ntchito imeneyi sitingaisiyire ADRA yokha. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo Yesu akuwerengera chakudya chopatsidwa kwa wanjala ngati chopatsidwa kwa Iye mwini (Mat. 25:35, 40).

FUNSO LOLINGALIRA: Pamene tigawira osowa, kodi timapereka zimene ifenso tingadye, kapena zimene tikadataya? Ndi mzere uti wa dimba lanu umene mungaupatulire mlendo ndi mwana wamasiye chaka chino?