Galimoto Yokodza Pabwalo la Apongozi

Azakhali,

Ndine bambo wa ana awiri, ndimakhala kwa Mbenje, kufupi ndi Sorgin. Chaka chatha ndidagulitsa ng'ombe ziwiri ndi thonje lonse n'kugula Sienta yakale yoti ndizinyamula anthu pakati pa Bangula ndi Nchalo. Vuto lake imadontha oyilo. Lamulungu lapitali ndidakaona apongozi, pochoka ndidasiya chibanga chakuda pabwalo lawo losesedwa bwino, ana n'kumakuwa kuti galimoto ya alamu yakodza. Anzanga pasiteji akuti galimoto yakale imatuluka thukuta, ndizingothira oyilo wolimba. Mayi a kunyumba akuti ndalama ya ndiwo ikuthera m'zigubu za oyilo, ndipo masiku ano sakundisekerera. Ndichitenji?

Wamanyazi, kwa Mbenje

Mwana wanga,

Undikhululukire, ndaseka mpaka duku kugwa. Akulu adati ukayenda siya phazi, koma iwe wasankha kusiya oyilo. Anthu a ku Sorgin sakuvutikanso kufunsa kumene udaswera dzulo, akungolondola madontho ngati mlenje wotsata nyama yolasidwa. Ngati pali kakhomo kena kamene umaimapo mozemba, usiyiretu lero, chifukwa galimoto yakoyo ndi kazitape.

Tsono anzako athukutawo. Thukuta timatuluka ndife anthu a m'chigwa muno Okutobala akafika, chitsulo ayi. Tsiku limene injini yako idzanoke, iwowo sadzasonkha ngakhale tambala, adzakhala kalikiliki kukweza anthu ako. Injini ya Sienta yakaleyo imakhuta ndi oyilo wosakwana malita 4, osadzaza n'komwe chigubu cha malita 5 chija. Kamadzi kochepa chonchi ndiko kamaletsa zitsulo kudyana m'katimo. Iwe ukukawaza mumsewu wa M1 ngati ukuthirira dimba.

Ndikuuze za malemu amalume ako, Mulungu ausunge mzimu wawo. Adali ndi kapikapu kokalamba konyamulira nsomba, ndipo kuseri kwa mpando sikunkasowa kachigubu ka oyilo ndi kasanza kakuda. Ndikati kakonzetseni, ankati, "Mayi, galimotoyi ndimaidziwa ndine." Tsiku lina titadutsa pa Thabwa, tili pakati pokwera phiri lopita ku Blantyre, kanyali kofiira ka oyilo kadayaka. Iwo adati tingomaliza kakhota aka. Sitidakamalize. Injini idalira kho kho kho, kenako zii. Ndidakhala pamwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ntchentche zili ng'waa pa madengu a milamba, anyani akutiyang'ana ngati akufuna kutipepesa. Chidatigwetsa m'mavuto amenewo chidali kamphira kokwana m'chikhatho. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo chaka chimenecho mbuzi zanga zinayi zidapita kukagula injini.

Koma pukuta nkhope, palibe chochititsa manyazi. Sienta zoyamba zidatuluka m'chaka cha 2003, ndipo zambiri zimafika kuno zitatumikira kale ku Japan. Paliponse pamene zitsulo ziwiri zakumana mu injini, kapena pamene chitsulo chozungulira chatulukira kunja, pali gasiketi kapena kamphira kotchinga kamene amakaniko amati silu. Mphira ukakalamba pamoto umauma gwa ngati chikopa cha mbuzi choyanikidwa padzuwa, kenako umang'aluka. Ndiye ganiza kutentha kwa kwathu kuno kopyola madigiri 40, fumbi, matope ngati amene adatisiyira Freddy mu 2023, ndi iweyo kulongeza anthu khumi ndi matumba a makala m'galimoto ya mipando 7. Ngakhale ine nditanyamula chonchi ndingadonthe penapake.

Usathamangire kugula chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Injini ikazizira, itsuke bwino ndi parafini ndi kaburashi, zamagetsi utazikuta ndi pulasitiki, mpaka litsiro lonse la mafuta lichoke. Madzulo imika galimoto pamalo osapendekeka, yala katoni pansi pake. M'mawa katoniyo akuuza zoona kuposa anzako onse pamodzi. Dontho lakuda kapena lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka ndi oyilo wa injini. Lofiira ngati Cherry Plum kawirikawiri ndi la giyabokosi. Lamadzimadzi, lobiriwira kapena lapinki, ndi la rediyeta. Koma ukaona kunyowa kuseri kwa tayala, ndipo mafuta a mabuleki akutsika m'kabotolo kake, usakwezemo mwana wa munthu mpaka akonze.

Ukatero yendako pang'ono, tsegula boneti, uunike ndi tochi. Oyilo amatsika, ndipo mphepo imamukankhira kumbuyo, choncho pamene akudonthera si pamene akuchokera. Ulondole chonyowacho chokwera mpaka pomwe chayambira, ngati mmene timapezera pobooka padenga.

Ukachita mwayi, wolakwa ndi gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini. Imeneyo ndi ntchito yosafika tsiku, ndipo ndi imene imakonda kutayira oyilo m'maenje a mapulagi galimoto n'kumamisa, kapena pa chitsulo chamoto cha ekizozi iwe n'kumamva fungo la chopserera. Nthawi zina n'zazing'ono zochititsa kuseka: fyuluta yosamangidwa bwino, nati ya pansi pa sampu imene kawashala kake kadaphwatalala kalekale, kaswitchi ka oyilo, kapena sampu yomwe idagunda mwala. Pakanyowa kutsogolo kwa injini, kuseri kwa pule ya lamba, ndi silu yakutsogolo, ndipo oyilo wake amadya lambayo. Chimene sindikukufunira ndi dontho lochokera polumikizana injini ndi giyabokosi. Silu yakumbuyo imeneyo payokha si yodula, koma kuti aifikire ayenera kutsitsa giyabokosi yonse, ndiye ndalama yambiri imapita ku thukuta la makaniko. Limenelo ndiye thukuta lenileni.

Pali kanthu kena kamene amakaniko aulesi amakadumpha. Injini nayo imapuma. Pachivundikiro cha pamwamba pali kavalavu kotulutsira mpweya wa m'kati, amakatcha PCV. Kakatsekeka ndi zinyalala, mpweya umasowa kolowera n'kumakankha oyilo pa silu iliyonse, ngakhale yatsopano. Uwauze akaone, apo ayi udzasintha timphira mwezi uno, mwezi wamawa n'kuyambanso kukodza kwa apongozi.

Za oyilo wolimba ndi timabotolo toletsa kudontha, ndikuuze mosabisa: kumeneko n'kuphimba chilonda ndi nsalu yokongola. Timabotolo timeneto timafewetsa mphira kwa kanthawi, koma sitisoka pong'ambika, ndipo oyilo wolimba kwambiri amachedwa kufika pamwamba injini ikamadzuka m'mawa. Usamalenso ndi makaniko wokonda silikoni, wopaka ngati akumata nkhokwe. Pali malo ake pamene silikoni amafunikadi, koma kamzere kochepa. Wochulukayo amafinyikira m'kati, n'kuduka, n'kukatseka sefa yokokera oyilo m'sampu, ndipo injini imafa ndi ludzu oyilo ali tho. Funsa madalaivala akuluakulu a ku Bangula kapena ku Nchalo amene galimoto zawo pansi pake m'pouma kuti amakonzetsa kwa yani. Safunsa adadya phula. Pogula silu, kaya ku Limbe kaya kuti, tenga nambala ya galimoto ndi ya injini, ndipo usakopeke ndi yotchipitsitsa, chifukwa kutsitsa giyabokosi kawiri n'kulipira lobola kawiri pa mkazi mmodzi. Akamaliza, akuonetse yakale imene achotsayo.

Podikira kuti ndalama ikwane, m'mawa uliwonse usanalize injini solola dipisitiki, pukuta, bwezera, sololanso. Oyilo akhale pakati pa timadontho tiwiri ta pa dipisitikipo. Usadzazitse poganiza kuti ukusungira mawa, wochulukayo ndiye amawonjezera kudontha. Kanyali kofiira kakayaka, ima pomwepo ndipo uzimitse, kaya okwera akutukwana chotani, usachite za amalume ako. Ndipo ngati katoni wauma koma oyilo akutsikabe, uyang'ane kumbuyo. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti injini ikumuwotcha m'kati, matenda enanso amenewo, udzandilemberenso.

Tsopano mayi a kunyumba. Sakukwiyira oyilo, mwana wanga. Thonje lija adapalira nawo, ng'ombe zija zidali zawonso, ndipo akamaona madontho pabwalo akuona khola lawo likutsikira m'dothi. Usikuuno ana akagona, khala nawo pamphasa, muwerenge limodzi zigubu zimene wagula chigulireni galimotoyi. Udzadzidzimuka wekha. Kenako mugwirizane kuti ndalama ya masiku angati isungidwe ya ku galaja, ndipo asunge ndi iwowo, chifukwa m'thumba mwako ndikukayika, mwina namonso mukudontha.

Oyilo wakuda amene adzakhetse pokonzapo usamutaye kufupi ndi mjigo kapena m'ngalande yopita ku Shire, umusunge m'chigubu chotseka kutali ndi ana. Kwa apongozi upiteko Loweruka, wapansi kapena pa kabaza. Tenga khasu, pala chibanga chija, thirapo mchenga, ndipo usaiwale paketi ya shuga. Alamu ako aang'onowo uwagulire masiwiti, mwina angaiwale nyimbo ija.

Ndine,
Azakhali ako