Mpikisano wa mabwato othamanga

Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi ataona bwato la mpikisano angakayike ngati lingasenze munthu. Bwato lake losema ku mtengo ndi lolemera, limanyamula ukonde, nsomba ndi anthu angapo. La mpikisano la munthu mmodzi, la mtundu wa kayak, silitalika kuposa masentimita 520, ndipo malamulo amalola kuti lipepuke mpaka makilogalamu 12. Ndi lowonda kwambiri moti munthu wosazolowera akangokhalamo limatembenuzika asanaviike nkhafi m'madzi.

Mabwato a mpikisanowu alipo a mitundu iwiri. Mu kayak wopalasa amakhala pansi miyendo itatambasukira kutsogolo, ndipo amagwira nkhafi yokhala ndi chipalasiro kumbali zonse ziwiri. Bwatolo lili ndi chiwongolero chomwe amachikhotetsa ndi mapazi. Mtunduwu unachokera kwa anthu a fuko la Inuit a kumadera ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi, amene ankakuta mabwato awo ndi zikopa za nyama za m'nyanja. Mu canoe wopalasa amagwada ndi bondo limodzi, phazi linalo atalitsogoza, ndipo nkhafi yake ili ndi chipalasiro chimodzi ngati ya ku nyanja ya Malawi. Chiwongolero mulibe. Popeza amapalasa mbali imodzi yokha, ayenera kupotokola nkhafi pamapeto a kupalasa kulikonse kuti bwato lisakhote.

Mpikisano umachitikira pamadzi abata, bwato lililonse m'njira yakeyake, pamtunda wa mamita 200, 500 kapena 1,000. Unalowa m'masewera a Olimpiki ku Berlin mu 1936. Amayi anayamba kupikisana pa kayak ku London mu 1948, koma pa canoe anadikira mpaka masewera a ku Tokyo amene anachitika mu 2021. Ku Africa kuli dzina loyenera kulikumbukira: Bridgitte Hartley wa ku South Africa anapata mendulo ya malo achitatu pa mamita 500 mu 2012, panyanja ya Eton Dorney ku Britain.

Woonerera ali kumtunda amaganiza kuti bwato limayendetsedwa ndi manja. Aphunzitsi a masewerawa amavutika kwambiri kuchotsa ganizo limeneli m'mitu ya ophunzira awo. Wopalasa kayak akaviika nkhafi kudzanja lamanja, amakankha chopondera ndi phazi lamanja, mwendo nkuwongoka, chiuno nkutembenuka, ndipo msana ndi mapewa zimatsatira. Manja ntchito yawo yaikulu ndi kugwira nkhafi ndi kupititsa mphamvuyo m'madzi. Wodalira manja okha amatopa asanafike pakati pa mtunda, pamene anzake ogwiritsa ntchito thupi lonse akungoonjezera liwiro.

Mfundo imeneyi ndi imene imalongosola mmene anthu aulumali amapikisanirana pamasewerawa. Mpikisano wawo unalowa m'masewera a Paralimpiki ku Rio de Janeiro mu 2016, pamtunda wa mamita 200. Anthu awiri angakhale ndi manja amphamvu mofanana, koma ngati wina amatha kutembenuza chiuno ndi kukankha ndi mwendo pamene mnzake sangathe, mpikisano wawo sungakhale wachilungamo. Choncho akatswiri amayamba ayeza wopalasa aliyense, kenaka nkumuika m'gulu. M'gulu la KL1 muli amene miyendo yawo sigwira ntchito ndipo thunthu lawo limagwira pang'ono chabe kapena siligwira nkomwe. Ambiri amakhala pampando wokhala ndi chotsamira chachitali, ndipo amapalasa ndi manja ndi mapewa. A m'gulu la KL2 amatha kukhala mowongoka m'bwato ndi kugwiritsa ntchito thunthu ndi miyendo pang'ono. A m'gulu la KL3 thunthu lawo limagwira bwino, ndipo amakankha ndi mwendo umodzi kapena mwendo wochita kupanga. Ntchito yoyezayi ndi yovuta, chifukwa matupi a anthu sagawika bwinobwino m'magulu atatu. Amene ali pamalire a magulu awiri angathe kupambana m'gulu lina koma nkutsalira m'mbuyo m'linzake.

Curtis McGrath wa ku Australia anali msilikali wofufuza mabomba okwiriridwa pansi. Mu Ogasiti 2012, ali ku Afghanistan, anaponda bomba ndipo anataya miyendo yonse iwiri. Anzake akumunyamula pamachira, iye anawauza kuti adzamuona ku masewera a Paralimpiki. Panthawiyo mpikisano wa mabwato unali usanachitikepo nkomwe pamasewerawo. Patatha zaka 4 anapata mendulo ya golide m'gulu la KL2 ku Rio de Janeiro. Pamasewera omwewo amayi a ku Britain, Jeanette Chippington, Emma Wiggs ndi Anne Dickins, anatenga mendulo zonse zitatu za golide za amayi.

Ku Tokyo kunaonjezeredwa bwato lina lotchedwa va'a, lochokera kuzilumba za Polynesia. Pambali pake amamangirirapo choyandama chachitali chomwe chimaliteteza kuti lisatembenuzike, ndipo nkhafi yake ndi ya chipalasiro chimodzi. McGrath anapikisana pa mabwato onse awiri, kayak ndi va'a, ndipo anabwerera kwawo ndi mendulo ziwiri za golide.

Mafunso

1. Fotokozani kusiyana kwa kayak ndi canoe potengera kakhalidwe ka wopalasa ndi nkhafi yake.
2. N'chifukwa chiyani wopalasa canoe amapotokola nkhafi?
3. Kodi mphamvu yoyendetsa kayak imayambira pati, ndipo imadutsa m'ziwalo ziti?
4. Longosolani chifukwa chimene opalasa aulumali amaikidwira m'magulu. Kodi ndi vuto lanji limene limakhalapobe?
5. Pangani ziganizo ndi mawu awa: nkhafi, chiwongolero, thunthu, machira.

Ntchito ya kunyumba

Funsani makolo anu kapena munthu wamkulu amene anakhalapo kufupi ndi nyanja kapena mtsinje kuti akufotokozereni mmene bwato amalisemera ndi kulipalasa. Lembani ndime imodzi, ndipo mudzawerengere anzanu m'kalasi.