PHUNZIRO: M'MENE UKAPOLO UNATHETSEDWERA M'MALAMULO A BRITAIN

Mwezi uno tiphunzira za mapangidwe a malamulo a dziko, ndi za iwo amene awakokera uku ndi uko. Citsanzo cathu ndico mlandu wa ukapolo ku Britain.

M'dziko limenelo lamulo liyenera kupyola Nyumba ziwiri: ya aphungu osankhidwa ndi anthu, ndi ya mabwana akuru, yochedwa House of Lords. Masiku aja eni minda ya nzimbe ku West Indies ndi eni zombo a ku Liverpool ndi Bristol anali ndi abwenzi ambiri m'Nyumba zonse ziwiri, pakuti cuma cao cinacokera m'thukuta la akapolo.

M'caka ca 1787 amuna 12, ambiri a iwo a mpingo wa Quaker, anapangana ku London kuti atsutse malonda a anthu. Thomas Clarkson anayendayenda m'madooko kufunsa amalinyero ndi kusonkhanitsa umboni, ndipo William Wilberforce anaunenera mlanduwo pamaso pa aphungu. Koma mu 1791 anagonja, pakuti obvomereza anali 88, okana 163.

Pamenepo anthu wamba anautenga mlandu. Mabanja ambiri analeka kudya shuga wolimidwa ndi akapolo, ndipo mu 1792 makalata opempha oposa 500 anafika kwa aphungu. Aphungu anabvomera kuti malondawo athe pang'ono pang'ono, koma mabwana aja anacedwetsa nkhaniyo, ndipo nkhondo ya ndi France inaikwirira. Lamulo loletsa malonda a akapolo linadza mu 1807, patapita zaka 20.

Ngakhale zinatero, iwo amene anali kale m'goli anatsalabe momwemo. Mu 1831 akapolo a ku Jamaica anauka, wowatsogolera ndiye Samuel Sharpe, dikoni wa mpingo wa Baptist, amene anaphedwa cifukwa ca ici. Mu 1832 malamulo a cisankho anakonzedwa, osankha nacuruka, ndipo abwenzi a eni minda ambiri anataya mipando yao. Odana ndi ukapolo anafunsa ofuna uphungu kuti alonjeze poyera asanasankhidwe. Cotero mu 1833 lamulo lomasula akapolo linabvomerezedwa.

Tsono taonani cinthu cowawa. Boma linapereka mapaundi 20,000,000 kwa eni akapolo, koma omasulidwawo sanalandire kanthu, ndipo ambiri anaumirizidwa kugwirabe nchito kwa ambuye ao akale kufikira 1838. Cifukwa cace nciani? Eni minda anali ndi owanenera pamene lamulo linali kulembedwa. Akapolo analibe mpando m'bwalomo. Amene palibe pogawa nyama alandira mafupa.

Cifukwa cace, abale, Mkristu asamati za boma nza eni ace. Okonda phindu sagona, ndipo agwirizana msanga. Ofuna cilungamo ayenera kugwirizana koposa, ndi kupirira monga mkazi wamasiye uja wa pa Luka 18. Ndipo posankha wotinenera tiyambe tamfunsa cimene adzacitira osauka.

MAFUNSO
1. Ndani anakana kutha kwa malondawo, ndipo cifukwa ninji?
2. Anthu wamba anathandiza bwanji?
3. M'mudzi mwanu ndani alibe womnenera pa bwalo?