Malangizo: Mwana Akathandizidwa Kutuluka ndi Vakyumu

Amayi ndi abambo a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands, Kabulonga ndi m'tauni monse, lero tikambe za vakyumu.

Nthawi zina mayi amatopa mutu wa mwana utatsika kale, kapena mtima wa mwana umayamba kugunda mofooka. Apa dokotala amamatika kakapu kofewa ka vakyumu pamutu pa mwanayo, n'kumakoka pang'onopang'ono nthawi imene mimba yawawa, mayi akukankha. Izi zimachitika pokhapokha khomo la chiberekero litatseguka lonse ndipo madzi atatuluka. Akakoka katatu mwana osasuntha, nthawi zambiri amasiya n'kupita ku opaleshoni.

Agogo, musachite mantha mukaona chotupa pamutu pa mdzukulu. Chimaphwa chokha pa tsiku limodzi kapena awiri. Osachisisita ndi madzi otentha ayi! Koma chikamakulirakulira, mwana akamakana bere, akamatuwa kapena kuchita chikasu m'maso, thamangani ku Women and Newborn Hospital ku UTH, kapena ku Levy Mwanawasa ngati muli ku Chelstone.

Kafukufuku wa njira zina zothandizira mwana kutuluka akupitirirabe. Jorge Odón, makanika wa magalimoto wa ku Argentina, anapanga chida chokokera mwana ndi kathumba ka pulasitiki kopoperedwa mpweya, ndipo chinayesedwa pa amayi ku Bristol, ku England. Mukapemphedwa kulowa m'kafukufuku aliyense, akufotokozereni m'chinenero chanu musanasaine. Mukakana, chithandizo mulandirabe.

Mafunso amene muli nawo funsani azamba ku sikelo, matenda asanayambe.